Tabeth Atsanzira Bambo Ake pa Tsiku la Ufulu

Mutu Wachisanu ndi Chimodzi

1. Mwana wa ku kampu

Kampu ya magemu gadi inali kumapeto kwa dera la Mnkhanya, pafupi ndi malire a nkhalango ya nyama imene boma linkateteza. Panali nyumba zochepa zaudzu, mlongoti wa mbendera, ndi mitengo ya tsanya yokhayokha. Magemu gadi ndiwo ankalondera nkhalangoyo kuti anthu asaphe njovu mozembera, ndiponso ankapirikitsa nyama zikalowa m'minda ya mapira. Panali patangopita zaka zochepa Zambia italandira ufulu.

M'nyumba yakumapeto munkakhala a Jairos Chulu, mkazi wawo a Anastasia, ndi ana awo awiri, Tabeth ndi kamng'ono kake Dolly. Pa ntchito a Jairos anali munthu wotamandika. Njovu ikamabwera makutu ali tambasu, anzawo n'kumwazika, iwo ankaima nji. Koma kunyumba, abale inu, munthu ameneyu anali chilombo. Kuseri kwa chitseko ankapachikako chikoti cha chikopa cha mvuu, ndipo chikoticho sichinkachita fumbi.

Ine munthu womenya mkazi ndi ana sindimupatsa ulemu, ngakhale yunifolomu yake iwale bwanji. Ndanena basi.

A Anastasia kwawo kunali ku Msoro, kutali ndithu ngakhale pa njinga. Akanakhala kumudzi kwawo pakati pa alongo awo, a Jairos sakanayerekeza dala kukweza dzanja. Koma ntchito ya boma inawachotsa pakati pa abale, ndipo pa kampu aliyense ankasamala za khomo lake.

Tabeth anakula akutchera khutu. Bambo ake asanafike pakhomo, iye ankadziwa kale ngati kukhale mtendere kapena ayi. Jombo zikamalira mofanana pa masamba ouma, ndiye kuti zinthu zili bwino. Jombo imodzi ikamakwekwereza, ndiye kuti adzera kwa ophika kachasu. Akakhosomola kawiri n'kuponya chipewa pansi, Tabeth ankanyamula Dolly n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe.

Kuseri kwa nkhokweko ndi kumene luso lake linayambira. Dolly ankalira mpaka kubanika, ndipo kulirako kunkawonjezera mkwiyo wa bambo awo. Tsiku lina Tabeth, posowa chochita, anaika kadengu pamutu ngati chipewa, anatulutsa kamimba, n'kuyamba kuyenda mokwekwereza mwendo akukhosomola. Dolly anasiya kulira. Kenako anaseka mpaka Tabeth anachita kumugwira pakamwa. Kuyambira tsiku limenelo, m'nyumba mukamveka chikoti, kuseri kwa nkhokwe kunkachitika sewero.

Pofika Giredi 6, Tabeth ankatha kutsanzira munthu aliyense atangomuona kamodzi, kaya mlaliki wogona pakati pa pemphero lake lomwe, kaya mayi wogulitsa nsomba amene amalumbira kuti zagwidwa lero pomwe ntchentche zikumutsutsa. Anzake ankati ndi mphatso. Inde inali mphatso, koma amene anamuphunzitsa kuyang'anitsitsa anthu chotero ndi mantha.

2. A Sakala apeza katswiri

Sukulu inali kutsidya kwa Lupande, mtsinje umene umasefukira mpaka m'minda nthawi ya dzinja koma m'chilimwe umasanduka msewu wa mchenga. Kalasi ya Tabeth ankaphunzitsa a Langford Sakala, bambo wamtali amene anali ndi chizolowezi chokweza buluku ndi zigongono, chifukwa manja ankakhala ali choko chokhachokha.

Tsiku lina a Sakala anabwerera m'kalasi mosayembekezeka. Anapeza Tabeth ali kutsogolo, akukweza buluku la bodza ndi zigongono, akufunsa anzake likulu la dziko la Ghana ndi mawu a m'mphuno. Ana onse anangoti kakasi. Tabeth anali atatambasula kale dzanja kuti alandire ndodo. Koma a Sakala anakhala pa benchi, anamuuza kuti apitirize, ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi tayi.

Tsiku la Ufulu linali pafupi, ndipo kalasi iliyonse inkayenera kuonetsa kanthu pamaso pa makolo. A Sakala anafunsa Tabeth zina zimene amatha. Iye anachita mzungu wodzaona nyama, amene akubwerera chafutambuyo ndi kamera yake kuti ajambule nyamalikiti, mpaka kuponda pa una wa njiri, njiriyo n'kutulukira pakati pa miyendo yake. Atamaliza, ana a ku kampu anakuwa kuti achite za kubwera kwa bambo ake kunyumba.

Tabeth anachitadi, ndipo kalasi yonse inafa ndi phwete. A Sakala nawo anaseka, koma kuseka kwawo kunatha pamene Tabeth anasiya kukhala bambo n'kukhala mwana. Anadzipinda pakona, chigongono chili pankhope, mofulumira ngati munthu wozolowera. Mphunzitsiyo anaona kuti zimenezi si zopeka.

Ana ataweruka, anamuuza kuti atsale.

"Tabeth mwana wanga, tamvera. Iwe uli ndi maso ndi makutu amene anzako alibe, ndipo ndikuganiza kuti ndadziwa kumene unawatenga. Sindikufunsa zambiri. Koma dziwa kuti kuseketsa anthu si masewera chabe. Anthu akamaseka amamasuka mtima, ndipo chimene wawauza nthawi imeneyo amapita nacho kwawo. Ukhoza kuseketsa anthu ponyoza wolumala kapena wachibwibwi, ndipo adzakuombera m'manja, koma udzakhala utaponda munthu amene wagwa kale. Usadzachite zimenezo. Za bambo akozi n'zoona, ndipo n'zoseketsa, koma zikhoza kukupweteketsa iwe ndi amayi ako. Pa Tsiku la Ufulu udzachite za mzungu ndi njiri basi. Ine ndikufuna ukafike ku sekondale uli wathunthu."

Tabeth anavomera. Koma ndani anamangapo pakamwa pa ana a sukulu? Sabata isanathe, a Jairos akamadutsa pa kampu, kuseri kwa nyumba kunkamveka timawu tokhosomola kawiri. Magemu gadi anzawo anayamba kuwafunsa mwachifundo chabodza ngati mwendo wawo wakumanzere uli bwino.

Madzulo ena a Jairos anaitana Tabeth. Sanamumenye, ndipo zimenezo zinamuopsa kuposa chikoti.

"Ndikangomvanso kuti wandisandutsa chidole pamaso pa anthu, sukulu yatha. Mabuku ndiotcha ndekha. Uzikapirikitsa anyani kumunda mpaka adzapezeke wokukwatira."

Aliyense pa kampu ankadziwa kuti a Jairos akanena amachita. M'mawa mwake, akusinja mapira awiriwiri, a Anastasia anatsamira munsi n'kumulangiza mwana wawo.

"Mwana wanga, wamva zimene anena bambo ako. Ine sindinapite kusukulu, dzina langa ndimadinda ndi chala. Chimene ndikupiririra pakhomo pano n'chakuti iwe udzagwire cholembera, udzadye zako, mwamuna asadzakuuze kuti ulibe kolowera. Tsono iwe ukufuna kutaya zonsezi chifukwa cha phwete la tsiku limodzi? Anthu amene akukusekererawo dzuwa likalowa amapita kwawo, iwe ndi ine timatsala kuseri kwa chitseko chomwechi. Pa chinamwali anatiuza kuti za m'nyumba sazitulutsa kunja. Ine ndasunga mwambo umenewo zaka zonsezi, ndipo sindinafe. Tseka pakamwa, maliza sukulu. Ukadzakula udzaseketsa anthu mmene ungafunire."

Tabeth analonjeza, ndipo analonjeza ndi mtima wonse, chifukwa sukulu ankaikonda kuposa chilichonse.

3. Mkono wa a Anastasia

Tsiku loti mawa ndi chikondwerero, magemu gadi ankakonzekera perete. Dzuwa la Okutobala linali likuswa mtengo. A Anastasia ankasita yunifolomu ya amuna awo ndi simbi yamakala, ndipo kakhala kamodzi kanagwera pa thumba la malaya n'kuboola kabowo kongokwana njere ya mapira.

Kabowo kameneko! A Jairos atakaona sanafunse n'komwe. Zimene zinachitika sindifotokoza zonse, zimandiwawa. Tabeth anathawira ndi Dolly kuseri kwa nkhokwe monga mwa masiku onse, anaika kadengu pamutu, koma tsiku limenelo sewero linakanika, chifukwa anamva amayi ake akulira kulira kumene anali asanakumvepo. Atabwerera m'nyumba anapeza mkono wa amayi utatupa, sukutheka kutukula. Amayi a m'nyumba zoyandikana anamva zonse, koma maso anali pa malichero awo.

M'mawa mwake kunamveka belu la njinga. Anali a Hosea, mlongo wawo wamkulu wa a Anastasia, mlimi wa thonje wa ku Msoro. Anali atagona panjira kwa anzawo kuti afike m'nthawi yake adzaone Tabeth akuseketsa anthu, pakuti mbiri yake inali itamveka kale kumudzi. Kwa Akunda, mtundu wa anthu a dera limenelo, ana ndi a kuchikazi, tsono a Hosea ndiwo anali mwini mbumba, amene mawu awo pa Tabeth ndi Dolly ankaposa a bambo wobereka.

A Jairos anawalandira alamu awo ndi manja awiri, anafunsa za thonje ndi za odwala kumudzi, n'kunyamuka kupita ku perete atavala malaya obwereka. A Hosea ataona mkono womangidwa ndi chitenje anafunsa chimene chinachitika. A Anastasia anayang'ana pansi n'kunena kuti anaterereka pa matope kumtsinje pokatunga madzi. A Hosea anapepesa, anati azisamala, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Tabeth anapsa mtima. Anadikira mpaka amalume ake atakhala pansi pa mtengo kumata chubu cha njinga chimene minga inaboola panjira. Anagwada chapatali n'kuyamba kunena kuti mkono wa amayi sikuti anachita kugwa ayi. Sanamalize, chifukwa a Hosea anakweza dzanja.

"Ima pomwepo, Tabeth. Ndiwe mwana wanzeru, koma pano walowa pamene si pako. Nkhani ya banja la amayi ako sindingaimve kuchokera pakamwa pa mwana. Ndikamvera iwe lero, mawa alamu anga adzati ndikuwapasulira banja ndi mabodza a ana, ndipo ankhoswe a kwawo adzandiseka. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mlongo wanga ndi munthu wamkulu, ali ndi pakamwa pake. Akandiuza yekha kuti pali vuto, ndidzaitana ankhoswe, ndipo palibe amene angandiletse kutenga mbumba yanga. Koma wandiuza kuti anagwa, ndipo ine ndamva kuti anagwa. Usadzayesenso kutsutsa mawu a amayi ako kumbali. Pita ukasambe, nthawi ya kusukulu yakwana."

A Hosea sanali munthu woipa ayi. Ankangotsata mwambo, ndipo mwambowo unali utamutseka mwana pakamwa. Tabeth anapita kukasamba. Powoloka Lupande, mchenga unkamuwotcha mapazi, ndipo anayang'ana kumtunda ndi kumunsi osaona matope ngakhale odzaza chikho.

4. Pabwalo la sukulu

Pofika thu koloko bwalo linali litadzaza. Kutsogolo pa mabenchi kunakhala aphunzitsi, akuluakulu a mpingo, ndi magemu gadi atavala zipewa zawo, a Jairos ali pakati. A Hosea anakhala chakumbali pafupi ndi njinga yawo. Amayi anakhala pa mphasa, ndipo a Anastasia anali kumbuyo kwenikweni, Dolly ali pamiyendo.

Ana aang'ono anaimba, anyamata anaguba ndi mfuti za mapesi, mtsikana wina analakatula ndakatulo ya Chingerezi imene palibe anaimva koma onse anaiombera m'manja. Kenako a Sakala anaitana Tabeth.

Za mzungu ndi njiri zinayenda bwino kwambiri. Tabeth, atavala chipewa chobwereka, ankalankhula Chinyanja chopotoka cha mzunguyo, akuchonderera nyamalikiti kuti imwetulire. Njiri itatulukira anadumpha, kamera uko, chipewa uko, n'kukwera mtengo umene panalibe. Magemu gadi, amene zoterezi ankaziona ndi maso awo, anaseka mpaka kumenyana pamapewa. Ngakhale a Jairos anaonetsa mano. A Sakala anayamba kuomba m'manja kusonyeza kuti zatha.

Apa ndi pamene Tabeth akanagwada n'kutuluka, Lolemba n'kubwerera m'kalasi mwake bwinobwino. Koma anayang'ana kumbuyo kwa bwalo. Amayi ake ankayesa kumuombera m'manja, koma dzanja limodzi lokha ndilo linkayenda, likumenya pabondo. Anayang'ananso amalume ake ndi akuluakulu onse a pa mabenchi. Onsewo anali chete, akumudikira iye. Kwina kulikonse mwana amamudula mawu, koma pabwalo pano panalibe woti amudule.

Anatola chipewa chija pansi, anachikhazika mopendekera, n'kukhosomola kawiri.

Ana a ku kampu anakuwa asanayambe n'komwe kuyenda. Tabeth sanatchule dzina la munthu. Anakwekwereza mwendo, anamenyera saluti nkhokwe poiyesa bwana wake, anakalipira nkhuku chifukwa chomuyang'ana mopanda ulemu. Kenako anatukula malaya a bodza n'kuyamba kufunafuna kabowo, akutsinzina diso limodzi, akuyandikiza kumphuno, mpaka anakapeza n'kudzandira ngati munthu wowomberedwa. Anthu anagubuduka. Amayi ena ankapukuta misozi ndi nsonga za zitenje. A Jairos anauma pa benchi, anzawo akuwayang'ana cham'mbali.

Ndiye Tabeth anavula chipewa. Anamasula lamba wa diresi lake la sukulu, anamanga mkono, anapendeketsa mutu, n'kugwada monga amagwadira mayi polandira mlongo wake. Mawu amene anatuluka anali a Anastasia enieni, ofatsa, othera m'khosi.

"Si kanthu, alongo. Ndinaterereka pa matope kumtsinje."

Anadzuka n'kusanduka mlongo uja, atagwira chibwano, akugwedeza mutu mwachisoni, akuti mlongo wanga uzisamala. Kenako mlongoyo anakwera njinga yake nayamba kuwoloka mtsinje womwewo. Njinga inatitimira mumchenga. Anatsika, anakankha, anapukuta thukuta, anakhuthula mchenga m'nsapato, akudandaula kuti matope a chaka chino ndi ouma modabwitsa, mpaka akuwotcha mapazi.

Anthu anayamba kuseka, koma kusekako kunafera panjira. Ambiri mwa iwo anali atawoloka Lupande tsiku lomwelo, ndipo ankadziwa kuti madzi akuchita kukumba mumchenga. Mitu inatembenukira kumbuyo, kumene kunakhala mayi wa mkono womanga. A Hosea anali ataimirira.

Tabeth anagwada, anaomba m'manja mwaulemu, n'kutuluka.

5. Funso la a Hosea

Chikondwerero chinapitirira, chifukwa a Sakala anafulumira kuitana oimba, koma maso a anthu anali kwina. A Jairos anamupeza Tabeth kuseri kwa kalasi. Anamugwira pamkono n'kumuuza kuti sukulu watsanzikana nayo lero, ndipo zotsalazo akakambirana kunyumba. A Sakala anayesa kumupepesera, koma a Jairos anawauza kuti azikalamula ana awo.

A Hosea anafika akukankha njinga, a Anastasia ali pambuyo ndi Dolly. Anapempha alamu awo kuti ayambe adikira. Poyamba anatembenukira kwa Tabeth, ndipo sanamunyengerere.

"Iwe mwana, wandichititsa manyazi pamaso pa anthu, ndipo mwina ndinayenera. Koma taona amayi ako. Wawavula pagulu, anthu onse awaloza ndi maso, iwo osakutuma. Luso lakoli ndi lakuthwa, limacheka ndi amene sunafune kuwacheka. Uzikumbukira zimenezi moyo wako wonse, nthawi iliyonse imene udzaime pamaso pa anthu. Ndiponso sewero si umboni. Ine sindingalande mwana m'manja mwa bambo ake chifukwa cha sewero."

A Jairos anamwetulira n'kukonza chipewa. Koma a Hosea anali asanamalize. Anatsamiritsa njinga pakhoma, ananjuta pafupi ndi mlongo wawo, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Mlongo wanga, m'mawa ndinafunsa ngati mlendo, ndipo ndinalandira yankho la mlendo. Tsopano ndikufunsa ngati mwini mbumba, alamu ali pompano. Ukati unagwa, ndikwera njinga yanga, mwanayu apita ndi bambo ake. Unagwa?"

Kubwalo ana ankaimba nyimbo ya ufulu. A Jairos ankayang'anitsitsa mkazi wawo, ndipo aliyense ankadziwa tanthauzo la maso amenewo. A Anastasia anayang'ana pansi. Kenako anayang'ana zala za amuna awo, zimene zinali zitalowa m'mnofu wa mkono wa Tabeth.

"Sindinagwe, alongo. Chikwatiwire sindinagwepo."

A Hosea anaimirira pang'onopang'ono. Sanakweze mawu. Anauza a Jairos kuti achotse dzanja pa mwana wa mbumba yawo, ndipo dzanjalo linachokadi, pakuti magemu gadi awiri anali atafika n'kuima chapafupi, osaseka. A Hosea anati mlongo wawo ndi ana agona kwa a Sakala, mawa anyamuka kupita ku Msoro, ndipo alamu akawafuna abwere Loweruka ndi ankhoswe a kwawo. A Sakala anati ku sukulu ya ku Msoro kuli mphunzitsi mnzawo, ndipo amutumizira mawu kuti Tabeth alowe m'kalasi asanatsalire m'mbuyo. Anawonjeza, akupukuta thukuta, kuti amuchenjezanso mnzawoyo kuti azisamala kayendedwe kake m'kalasi.

Potsiriza a Jairos anati Loweruka abwera, ndipo nawonso ali ndi zonena zambiri. Anatembenuka n'kulowa njira ya ku kampu okhaokha.

Tabeth anagwada pamaso pa amayi ake akulira, napepesa chifukwa chophwanya lonjezo. A Anastasia anamupukuta misozi ndi dzanja labwino lija, anamukoka khutu pang'ono, n'kumuuza kuti iwo samapendeketsa mutu choncho ngati nkhuku yachitopa. Tabeth anaseka misozi ili m'masaya. Kenako anafunsa ngati Loweruka adzafunike kuchitanso sewerolo pamaso pa ankhoswe, popeza a kwa bambo ake sanalione.

"Ayi," anatero a Anastasia. "Iwe Loweruka udzakhale ukuwerenga mabuku ako. Mawu anga wawanyamula mokwanira, mwana wanga. Kwa ankhoswe ndikalankhula ndekha."